Njinga yamoto ya munthu wopuma pantchito: yambani mwaona zomwe zili pamsika wa kwanu

Funso: Ndine mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale ndipo ndikupuma pantchito chaka chino ndili ndi zaka 60. Ndikubwerera kumudzi kwathu ku Ntchisi, komwe kuchokera pakhomo kukafika paboma ndi makilomita pafupifupi 25 a msewu wafumbi. Galimoto sindingakwanitse, choncho ndikufuna kupatulako ndalama za penshoni kuti ndigule njinga yamoto yoyendera kumunda, kutchalitchi, kuchipatala ndi kubanki, nthawi zina nditanyamula mayi akunyumba. Mwana wanga ali ku Johannesburg akuti anditumizire njinga yaikulu ya 650cc yomwe waipeza motchipa, pomwe anzanga akuti ndigule zomwe amayendetsa anyamata a kabaza. Chibadwire sindinakonzepo injini. Ndigule iti yosavuta kusamalira?

Yankho: Aphunzitsi, zikomo pofunsa, ndipo ndikuyamikeni pofika tsiku lopuma mutagwira choko zaka zonsezi. Ine ndakhala ndikumasula ndi kumanga injini za njinga zamoto kwa zaka zoposa 25, kuyambira nthawi yomwe mthuthuthu ukamveka m'mudzi anthu ankadziwa kuti kwabwera alangizi a zaulimi kapena azaumoyo, mpaka lero pomwe kabaza wadzaza pamphambano iliyonse. Mwana wanuyo mumuthokoze ndi mtima wonse, koma njinga ya 650cc ija aisiye ku Johannesburg komweko. Inu gulani yaing'ono, ya 125cc kapena 150cc, ya pisitoni imodzi, yoziziritsidwa ndi mphepo, ya kabureta (kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya), yokhala ndi sitata komanso kiki. Anzanu aja sanakunamizeni. Kungoti si njinga ya kabaza iliyonse yomwe ingakuyenereni, ndiye tiyeni tikambirane bwino.

Musanapite kusitolo ina iliyonse ku Lilongwe, pitani kaye paboma pa Ntchisi tsiku la msika. Kakhaleni pomwe amaima anyamata a kabaza, muwerenge njinga zomwe zilipo ndi mayina ake. Kenako pitani kwa makanika amene anyamatawo amakonzetsa, mumufunse kuti: "Kebulo ya kilatchi ya njinga iyi ikaduka lero, ndiipeza pano? Nanga tcheni ndi masiproketi? Nanga maring'i a pisitoni ndi kabokosi ka CDI kopereka moto ku pulagi?" Njinga yomwe makanikayo ayankhe kuti "zonsezo zili m'golosale ili apayi" ndiyo yosavuta kusamalira kwa inu. Anthu ambiri amaganiza kuti njinga yosavuta ndi yomwe siwonongeka. Chitsulo chilichonse chimatha, ngakhale cha ku Japan. Chimene chimasiyanitsa ndi chakuti ikawonongeka Lachiwiri, Lachitatu mukhala mwakwera, kapena muyamba kuimba mafoni kunja kwa dziko.

Ndikunena izi chifukwa ndinaona ndi maso anga. Bambo wina wopuma pantchito analandira njinga yaikulu kuchokera kwa mwana wake, yokongola zedi, aliyense ankaima n'kumaiyang'ana. Patatha miyezi inayi, pampu ya petulo yomwe imakhala m'kati mwa thanki inafa, chifukwa cha mafuta akuda ogula m'chigubu nthawi yomwe petulo ankasowa. Kanthu kake n'kongokwana m'dzanja, koma tinakasakasaka ku Lilongwe ndi ku Blantyre osakapeza. Njingayo inakhala pakhonde miyezi isanu ndi iwiri itafunditsidwa thumba, matayala n'kuphwa, makoswe n'kudya mawaya a pansi pa mpando. Pomwe pampu inkafika kuchokera ku South Africa, batire nalo linali litafa ndipo tinayamba kusaka lina la saizi yakeyo. Bambowo nthawi yonseyi ankalipira kabaza popita kuchipatala, njinga ili pakhomo.

Njinga zambiri zazikulu za masiku ano zili choncho. Zili ndi redieta ndi mapaipi a madzi, petulo amalowa ndi injekishoni molamulidwa ndi kakompyuta, matayala ake ndi a saizi yomwe sipezeka m'maboma, ndipo makanika wa pamsika akaiona amaopa kuigwira, kapena amaigwira n'kuononga. Musaiwalenso msonkho wa MRA polowetsa njingayo m'dziko muno, womwe umatha kuchotsa kutchipa konse kuja. Koma chachikulu ndi kulemera. Njinga ya 650cc imalemera pafupifupi makilogalamu 200, kutanthauza matumba anayi a feteleza. Ikagwa m'matope a mu February muli nokha pakati pa munda ndi dambo, mudzaidzutsa bwanji? Yaing'ono imalemera makilogalamu 110 mpaka 125, ndipo munthu wa msinkhu wanu akadziwa kagwiridwe amaidzutsa.

Tsopano za zing'onozing'onozo. Njinga zambiri za ku China zomwe mukuziona ndi anyamata a kabaza, kaya pathanki palembedwa Lifan kapena dzina lina, injini yake inatengera ya Honda CG125. Mbiri ya injini imeneyi ndiyofunika muidziwe chifukwa ikufotokoza chomwe ndimaikondera. Kampani ya Honda inatulutsa CG125 m'chaka cha 1975 itaona kuti m'mayiko osauka anthu ankakweza banja lonse panjinga, ankachedwa kusintha oyilo, ndipo ankapita kwa makanika pokhapokha njinga ikaima. Injini zomwe zinali ndi kamushafuti (chitsulo chozungulira chomwe chimatsegula mavavu olowetsa mpweya ndi otulutsa utsi) pamwamba zinkapsa msanga oyilo akada. Akatswiri awo anatsitsa kamushafutiyo n'kuiika pansi, kufupi ndi komwe oyilo amakhala, kenako n'kuika timitengo tiwiri tachitsulo tokankha mavavu kuchokera pansipo. Mulibe tcheni cha taimingi choti chitambasuke. Ndi injini yopangidwira dala munthu wokhala kutali ndi galaja. Imachita phokoso pang'ono ngati makina osokera, imanjenjemera mukaithamangitsa kwambiri, koma ndi yopirira, ndipo mnyamata aliyense wophunzira umakanika amayambira pa iyoyo. Masipeya ake amalowana pakati pa mitundu yambiri, n'chifukwa chake amapezeka ngakhale pamsika waung'ono.

Vuto la njinga za ku China nthawi zambiri silikhala m'injini. Limakhala m'zinthu zozungulira: mabawuti omasuka okha, mawaya opyapyala, masipoko ofewa, utoto wosachedwa kuchita dzimbiri. Zina zimabwera ndi tinyali tambirimbiri, wailesi, pothira memori khadi, zitsulo zonyezimira mbali zonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chokongoletsa chilichonse chamagetsi ndi waya winanso woti adzakhudzane ndi mnzake mvula ikagwa. Sankhani yopanda zambiri.

Ngati thumba likulola, ine ndingakukankhireni ku njinga za ku India, monga Bajaj Boxer kapena TVS HLX. Zinapangidwira misewu yokumbika ndi katundu wolemera, mpando wake ndi wautali komanso wosalala moti mayi adzakhala bwino kumbuyo, felemu ndi mashoko n'zolimba, ndipo petulo zimamwa pang'ono. Mtengo wake ndi wokwera kuposa za ku China, ndipo injini zake zimafuna oyilo woyera nthawi zonse chifukwa kamushafuti ili pamwamba. Koma lamulo lija la pamsika likhalebe patsogolo. Boxer ndi yabwino, koma ngati paboma panu palibe wogulitsa masipeya ake, njinga ya ku China yomwe masipeya ake ali ponseponse idzakutumikirani bwino kuposa iyo.

Padzapezeka wina wokuuzani kuti mugule Yamaha DT125 yakale yomwe bungwe lina likugulitsa. Inali njinga yamphamvu m'nthawi yake, ndipo alangizi ambiri anayenda nayo mapiri onse a dziko lino. Koma injini yake ndi ya thu sitiroko, yowotcha petulo pamodzi ndi oyilo wakewake, imamwa mafuta kwambiri, mpando wake uli pamwamba, ndipo zomwe zatsala pano zambiri n'zotopa. Isiyeni. Yamaha AG200 ndi nkhani ina: inapangidwira alimi, tcheni chake n'chotsekeredwa m'bokosi kuti fumbi lisalowe, ndipo ndi yolimba kwambiri. Mukapeza yosamalidwa bwino pamtengo woti mungathe, komanso mukudziwa kogula masipeya ake enieni, simudzadandaula. Kungoti mtengo wake nthawi zambiri umagula njinga zatsopano za ku China zingapo.

Pali mtundu wina womwe abambo ambiri amaunyoza kuti ndi wachizimayi, koma ine ndimaulemekeza: tinjinga ta 110cc totengera Honda Super Cub, topanda thanki pakati pa miyendo. Super Cub inayamba kupangidwa mu 1958 ndipo pofika 2017 zinali zitapangidwa zoposa 100 miliyoni, kuposa galimoto kapena njinga yamoto ina iliyonse. Ilibe kilatchi yogwira ndi dzanja, mumangoponda giya n'kumapita, ndipo pokwera simuponya mwendo pamwamba pa mpando. Ngati muli ndi vuto la bondo kapena chiuno, iganizireni. Pomwe imachepera ndi pachitunda mutanyamulana awiri, komanso m'mizere yakuya ya matope chifukwa ili pafupi ndi nthaka. Kwa msewu wa ku Ntchisi wokhala ndi zitunda zija, mutanyamula mayi, 150cc ndiyo ikupatsani mtendere. Za sikuta ya timatayala ting'onoting'ono musaziganizire n'komwe, ndi ya patara basi.

Mukafika m'sitolo, thupi lanu ndilo liweruze. Khalani panjingayo. Mapazi onse awiri afike pansi, osati zala zokha. Itsitseni pa sitandi, muikankhe mamita angapo kupita kutsogolo, muibwezenso m'mbuyo, kenako muiimikenso pa sitandi yapakati nokha popanda wokuthandizani. Finyani kilatchi kakhumi muone ngati dzanja silikuwawa. Ngati wogulitsa akukana kuti muchite zimenezi, pitani kwina. Ndipo sitata ndi kiki zikhalepo zonse: sitata ndi yoteteza bondo lanu tsiku ndi tsiku, kiki ndi ya tsiku lomwe batire lafooka m'mawa wa mu June.

Gulani yatsopano ngati mungathe. Njinga yomwe yagwirapo kabaza chaka chimodzi yayenda ulendo womwe inu mungayende zaka zisanu kapena kuposa, itanyamula anthu atatu ndi matumba a makala. Amaitsuka, amaipaka polishi, koma m'kati yatha. Mukakakamizika kugula yogwirapo kale ntchito, pitani ndi makanika wanu, ndipo mufike m'mawa injini isanalizidwe. Igwireni ndi dzanja mutsimikize kuti ndi yozizira, chifukwa injini yotopa imabisa matenda ikatentha. Ikalira, onani utsi: wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Suzumirani pansi pa thanki ndi pakhosi pa felemu ngati panawotcheredwapo. Koposa zonse, nambala ya felemu ndi ya injini zifanane ndi zomwe zili pa bulubuku. Njinga zakuba ndi zolowa m'dziko mozemba zachuluka, ndipo munthu wolemekezeka ngati inu simukuyenera kukayamba moyo wopuma mukufotokoza nkhani kupolisi.

Ndalama musathere pa njinga yokha. Patulani zolembetsera ku Road Traffic, za inshuwalansi, za laisensi yanu ndi za zipewa ziwiri zabwino. Dziwaninso kuti laisensi ya A1 imalekezera pa 125cc, ndipo njinga yoposa pamenepo imafuna ya A. Funsani zimenezi musanasankhe pakati pa 125 ndi 150. Musungenso kangachepe ka matayala ndi tcheni za chaka chamawa, poti penshoni siibwera kawiri.

Mwati simunakonzepo injini. Palibe vuto, chifukwa zomwe zimasunga njinga yotereyi ndi ntchito zoti mungaphunzire Loweruka limodzi. Yoyamba, yomwe ndikufuna muigwiritsitse, ndi oyilo. Injini yaing'onoyi imangosunga oyilo pafupifupi lita imodzi, ndipo oyilo yemweyo ndiye amafewetsa pisitoni, magiya ndi kilatchi, komanso kuziziritsa. Injini zambiri zomwe ndazimasula zitagwira, chinazipha ndi oyilo wakuda ngati phula kapena wochepa. Njinga ikakhala yatsopano, sinthani oyilo woyamba ikayenda makilomita 500, chifukwa amatuluka ndi tizitsulo tosalala tomwe injini imadzipala yokha. Mukamuthira m'mbale padzuwa mudzaona tikunyezimira. Zikatero, pamsewu wafumbi ngati wanu, muzisintha pa makilomita 1,000 mpaka 1,500 alionse, kapena pakatha miyezi inayi ngakhale musanafike pamenepo. Gulani oyilo wa njinga zamoto wolembedwa 4T, wa 20W-50, m'botolo losatsegula, pamalo odalirika. Oyilo wopungulira m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu musamuyandikire, ndipo ena a galimoto amatereretsa kilatchi. Sabata iliyonse imikani njinga mowongoka pamalo osalala, tulutsani kandodo koyezera, pukutani, bwezerani, muone pomwe oyilo walekezera. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri.

Yachiwiri ndi fyuluta ya mpweya. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, fumbi la kwathu kuno limalowa paliponse, ndipo likadutsa fyuluta limapala pisitoni ngati sandipepa. Ngati fyuluta yanu ndi ya siponji, muziichapa ndi palafini mwezi uliwonse, iume, muidonthezere oyilo pang'ono n'kuifinya musanaibwezere. Ngati ndi ya pepala, siichapidwa, imangosinthidwa. Makanika wina akadzakuuzani kuti aichotseretu kuti njinga izithamanga, mukaneni.

Tcheni chizikhala ndi oyilo pang'ono komanso chisamangike kwambiri. Mukachikankha ndi chala pakatikati, chizisewera masentimita awiri kapena atatu. Chikatha, sinthani pamodzi ndi masiproketi onse awiri, apo ayi chatsopanocho chidyeka msanga. Njinga yokhala ndi bokosi lotsekera tcheni chonse ndi yabwino kwa inu, ndipo musalole anyamata alichotse poti amati silioneka bwino.

Za petulo pali mfundo yomwe imakhudza kwambiri munthu wopuma pantchito kuposa wa kabaza. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo petulo akakhalitsa m'kabureta amasiya utomoni womwe umatseka timabowo ting'onoting'ono ta m'katimo. Wa kabaza sakumana nazo poti njinga yake siigona. Inu mwina mudzaisiya masabata atatu nthawi ya dzinja, kenako n'kudabwa kuti ikukana kulira. Choncho muzitseka kampopi ka petulo mukaimika, ndipo sabata isathe musanaiyendetseko makilomita angapo, zomwe zimathandizanso batire. Uzani makanika aike kafyuluta kakang'ono koonekera m'kati pa paipi yochokera kuthanki. N'kotchipa kwambiri, ndipo tsiku lomwe mwakakamizika kugula mafuta a m'chigubu mudzaona nokha zinyalala ndi madzi zomwe kagwira. Apa m'pomwe kabureta imaposera injekishoni kumudzi: ikatsekeka, makanika amaimasula ndi sikuludiraiva pansi pa mtengo wa mango, n'kuitsuka, theka la ola mwanyamuka.

Mavavu, mabuleki ndi magetsi musiyireni makanika, koma akhale mmodzi, womudziwa, osati aliyense amene mwamupeza. Njinga ikangofika kumene, mupatseni aizungulire yonse ndi sipanala, amange mabawuti ndi masipoko, chifukwa zambiri zimabwera m'mabokosi n'kumangidwa mothamanga. Inu poti ndinu mphunzitsi, kaundula simukumuopa. Gulani kope laling'ono muzilemba tsiku, makilomita, chomwe chasinthidwa ndi mtengo wake. Makanika akaona kope amagwira ntchito mosamala.

Ndisakubisireni, aphunzitsi: njinga yamoto siikhululuka, ndipo fupa la munthu wa zaka 60 silichira msanga ngati la mnyamata. Mawodi a mafupa m'zipatala zathu adzaza ndi anthu a ngozi za njinga. Kaphunzireni kusukulu yoyendetsa, osati kwa mdzukulu pabwalo la mpira. Phunzirani kugwira buleki yakutsogolo mofatsa pamodzi ndi yakumbuyo, dziwani kuti mchenga ndi dothi lofiira lonyowa zimaterera ngati therere, ndipo pewani kuyenda usiku. Mayi musawanyamule mpaka mutayenda nokha miyezi iwiri kapena itatu. Akayamba kukwera, avale chipewa chawo chomanga pachibwano, apinde chitenje bwinobwino chisalendewere kufupi ndi tayala, ndipo njingayo ikhale ndi chotchinga cha m'mbali mwa tayala lakumbuyo. Ndinaonapo nsalu itakulungika m'masipoko mpaka tayala kuima nji pakati pa msewu, ndipo mayi amene anali kumbuyoyo anakhala m'chipatala nthawi yaitali.

Kumudzi kukubweranso mayesero ena. Padzafika mphwanu kapena mwana wa mlongo wanu ndi mawu okoma: "Malume, njingayi ikungokhala, bwanji ndiziyendetsa kabaza ndizikupatsani kenakake tsiku lililonse?" Mukavomera, pakutha pa chaka mudzatsala ndi chigoba, ndipo ndalama zomwe mwalandira sizidzakwana kukonzera. Ngati mukufuna bizinesi ya kabaza, imeneyo ndi njinga ina ndi mawerengero ena. Yanuyi makiyi ake azikhala m'thumba mwanu, ndipo usiku izigona m'nyumba itamangidwa ndi loko.

Mwana wanu ali ndi mtima wofuna kuthandiza, ndiye musamubweze chimanjamanja. Muuzeni kuti ndalama yomwe akanagulira njinga yaikulu ija ndi kuitumizira aonjezere pa yanu kuti mugule yatsopano konkuno. Ndipo akamabwera pa Khirisimasi akutengereni zinthu zomwe zabwino zake zimavuta kupeza kuno: zipewa ziwiri zolimba zotseka nkhope yonse, atayeza kaye mitu yanu ndi tepi, magolovesi, jekete yokhuthala yokhala ndi zonyezimira, nsapato zobisa akakolo, pampu ya mpweya yokhala ndi geji, masipanala a 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19, ndi mapulagi enieni a NGK atatu kapena anayi. Nambala ya pulagi mudzamuuze mutagula kale njingayo, mudzaipeza m'kabuku kobwera nayo.